Nyanja yamchere tilibe, koma bilu yake timalipira ndife

Pa 29 Disembala 2018 apolisi a kuno adamumbwandira Manuel Chang pa eyapoti ya OR Tambo ali paulendo wa ku Dubai. Amene munali kale kuno ku Joni nthawi imeneyo mwina mukukumbukira, ngakhale ambirife tidangoimva nkhaniyo n'kupitiriza zathu poti inali ya anthu a ku Mozambique. Mkuluyu adali nduna ya zachuma kwawoko, ndipo ndi amene adasainira ngongole zachinsinsi zija za madola pafupifupi 2 biliyoni mu 2013 ndi 2014. Ndalamazo ankati n'zogulira chani? Maboti. Maboti ophera nsomba za tuna, maboti olondera gombe, marada oonera chilichonse choyenda pamadzi, makampani atatu a boma, ProIndicus, Ematum ndi MAM, zonse m'dzina la chitetezo cha panyanja. Nkhani itaululika mu 2016 a IMF ndi ena othandiza adatseka mpopi, ndalama yawo ya metical idagwa chagada, maboti a tuna aja adangochita dzimbiri padoko la Maputo. Chang adakhala m'ndende kuno zaka zoposa zinayi, mu Julayi 2023 n'kumutumiza ku America, ndipo khoti la ku New York lidamupeza wolakwa mu Ogasiti 2024. Koma chondipweteka ine n'chakuti mu Ogasiti 2020 zigawenga zidalanda doko la Mocímboa da Praia, kumpoto kwa Mozambique, n'kukhalapo chaka chathunthu, m'dziko lomwe anthu ake akubwezabe ngongole yogulira zotetezera gombe lomwelo.

Ndiye pamene atsogoleri athu a SADC akumana mu hotela n'kunena kuti tilimbikitse mgwirizano wa asilikali apamadzi, ine ndimavomera kuti eya n'zofunikadi, koma ndimayamba ndafunsa kuti mukutanthauza mbali iti. Pali mbali yodula, yogula zombo, ndipo ndi imene nduna zimaikonda chifukwa muli matenda, muli makomishoni, muli chithunzi chodula riboni. Palinso mbali yotchipa, youzana zomwe wina waona, yogwirizana kuti wakuba akathawira m'madzi a mnzako achite naye bwanji, yoti ofesala wa ku Pemba ku Mozambique akaimba foni ku Mtwara ku Tanzania usiku wina aiyankhe. Mbali yachiwiriyi ndi imene imagwira mbava, ndiponso ndi imene maiko athu akuilephera, ndipo kulephera kwake si nkhani ya umphawi ayi, ndi nkhani yosakhulupirirana. Malawi, ngakhale alibe nyanja yamchere, ali ndi gawo lake pa kulephera kumeneku.

Ndikudziwa wina wayamba kale kuseka, akuti aise, ife za nevi zikutikhudza pati, dziko lake lomwe lija loti mankhwala m'chipatala mulibe? Tayang'anani chilichonse chomwe mudatumiza kumudzi chaka chino. Mbaula, malata, sola, foni, kaya ka Toyota kogula pa intaneti kuchokera ku Japan, zambiri mwa zimenezi zidayamba zayenda pamadzi. Makontena mumawaona ataunjikana ku City Deep aja sadamere pamenepo, adatsikira ku Durban n'kukwera N3 kapena sitima ya pamtunda, ndiye matransipota athu n'kumatenga katunduyo kudzera Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza kapena Dedza. Kumudziko ndiye osanena, petulo, dizilo, feteleza, tirigu wophikira buledi, zonse zimalowera Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndipo fodya, tiyi ndi nandolo zimatulukira komweko. Sitima ikamaopa kudutsa penapake a inshuwalansi amakweza mtengo, mwini sitima amauponyera kwa wogula katundu, wogulayo amauponyera kwa wa golosale ku Ndirande, wa golosale n'kuuponyera kwa mayi anu, mayi anu n'kukuimbirani inu amene muli ku Turffontein kuti ndalama ija yachepa. Bilu ya nyanja imafika choncho, mu marandi anu omwewo.

Akuluakulu amene adaona zaka za m'ma 1980 safuna kuwafotokozera zambiri. Nkhondo ya Renamo itadula njanji za ku Beira ndi Nacala katundu wa Malawi ankazungulira mpaka Durban, ulendo wautali kangapo konse, ndipo mtengo wa mayendedwe udadya ndalama zochuluka zomwe dziko linkapeza pogulitsa kunja. Kamuzu, amene sankagwirizana kwenikweni ndi boma la Frelimo, adakakamizika kutumiza asilikali athu mu 1987 kukalondera njanji ya Nacala m'dziko la eni. Ena mwa anyamata amenewo sadabwerere. Ndiye nkhani yoti chitetezo cha njira ya kunyanja si chathu tidaiyankha kale ndi magazi, kungoti timaiwala msanga. Ngakhale netiweki imene mukuwerengera nkhani inoyi imadutsa pansi pa nyanja. Mu Meyi 2024 zingwe za EASSy ndi Seacom zitaduka m'madzi kumpoto kwa Durban intaneti idavuta ku Tanzania, Kenya, Mozambique ndi Malawi yemwe, anthu n'kumatukwana makampani a foni kumudzi pomwe vuto lili pansi pa madzi a KwaZulu-Natal.

Tsono kuti tisangodandaula, pali nthawi imene mgwirizano udagwirako ntchito m'chigawo chathu chino. Kumapeto kwa Disembala 2010 mbava za panyanja za ku Somalia zidalanda boti lophera nsomba la Vega 5 m'madzi a Mozambique, kummwera kwenikweni kumene aliyense ankati sizingafikeko. Apa mpamene Pretoria idadzidzimuka. Kuyambira 2011 South Africa idayamba Operation Copper, kutumiza sitima yankhondo kukakhala cha ku Pemba, SADC idavomereza ndondomeko yake ya chitetezo cha panyanja pa msonkhano wa ku Luanda mu Ogasiti chaka chomwecho, ndipo mu Febuluwale 2012 South Africa, Mozambique ndi Tanzania adasainirana pangano lololeza asilikali awo kugwirira ntchito limodzi m'madzi a wina ndi mnzake. Patangopita miyezi iwiri zipatso zidaoneka. Mbava zina zitaonekeranso, sitima ya South Africa ya SAS Drakensberg idatseka njira ya kummwera, mbavazo n'kubwerera kumpoto, ena adagwidwa ndi asilikali a Tanzania, ena ndi sitima ya ku Ulaya. Drakensberg yomweyo si sitima yomenyera nkhondo n'komwe, ntchito yake yeniyeni n'kunyamula mafuta ndi katundu wa sitima zina. Chidagwira ntchito tsiku limenelo ndi chakuti mbali zitatuzi zinkalankhulana ndipo aliyense ankadziwa pomwe mnzake waima.

Vuto ndi lakuti tonse tidagona n'kumati akulu alipo, South Africa ationera. Ife okhala kuno tikudziwa bwino mmene akuluwo alili m'thumba. Pa mgwirizano wogula zida wa 1999 uja, umene milandu yake mpaka lero ikumukoka Jacob Zuma ku khoti la Pietermaritzburg, dziko lino lidagula sitima zankhondo zinayi zotchedwa mafrigeti, Amatola, Isandlwana, Spioenkop ndi Mendi, ndi sitima zitatu zoyenda pansi pa madzi. Kugula adagula, koma ndalama zokonzetsera sizinkabwera mokwanira, ndiye zambiri zimathera nthawi yake zitamangiriridwa ku Simon's Town kudikira masipeya, ndipo akuluakulu a nevi iwo eni akhala akudandaula poyera kuti bajeti yawo siyikukwana kulondera gombe la makilomita pafupifupi 3,000. Tikakhala mu taxi ya ku Bree timadutsa maloboti osayaka, mapaipi ophulika, misewu yokumbika, ndiye tiziyembekeza kuti boma lomweli lizilondera nyanja ya maiko anayi palokha? Si chilungamo kwa iwo, komanso si nzeru kwa ife.

Ndipo pano ndinene zomwe ena a kuno sakonda kumva. Mu Febuluwale 2023 mafuta adapezeka ochitira masewera ankhondo a Mosi II ndi Russia ndi China cha ku Durban ndi Richards Bay, makamera ali pompo, akazembe akukangana, manyuzipepala akudzaza masamba. Ine sindikulowa m'nkhani yoti South Africa azicheza ndi ndani, n'zawo zimenezo. Koma msodzi wa ku Ilha de Moçambique amene nsomba zake zikukokoledwa usiku ndi sitima zozimitsa zida zodzionetsera pamapu, masewera amenewo adamupindulira chani? Russia ndi China akatha masewera amapita kwawo. Amene atsale nawe pa Mozambique Channel, mpata wa makilomita pafupifupi 1,600 m'litali, ndi Mozambique, Tanzania, Madagascar ndi Comoros, ndipo awa ndi amene umafunika kuwadziwa mayina ndi manambala a foni. Cyclone Idai itamenya Beira mu Malichi 2019 sitima zoyamba kufika kudzapulumutsa anthu zidali za nevi ya India. Tiziwathokoza amwenyewo, koma tizichitanso manyazi pang'ono.

Za zigawenga za ku Cabo Delgado, chigawo cha kumpoto kwa Mozambique, ndingodutsapo mwachangu poti ambiri mukuzidziwa. Zidayamba mu Okutobala 2017, tawuni ya Palma idaukiridwa mu Malichi 2021, TotalEnergies n'kuimitsa ntchito ya gasi ya madola 20 biliyoni, Rwanda n'kubwera, SADC n'kutumiza gulu lake la asilikali lotchedwa SAMIM mu Julayi 2021, momwe Malawi adaperekamo anthu ake. Zigawengazo zinkagwiritsa ntchito timaboti ndi zombo zamatanga kudumpha zilumba, kuzembetsa anthu ndi chakudya, pomwe mbali ya pamadzi ya SAMIM inali yopyapyala zedi, sitima imodzi ikabwera ina yapita. Mu Julayi 2024 SAMIM idapakira, nkhani yake ndalama. Nkhondo yomwe siyidathe.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti timaganiza kuti zoipa za panyanja zimathera pagombe. Heroin amene amasakaniza mu nyaope, yemwe wasandutsa ana a anthu mizukwa pa maloboti a mu Johannesburg muno, ambiri mwa iye amachokera ku Afghanistan, amakwera zombo zamatanga ku gombe la Makran cha ku Pakistan ndi Iran, zombozo zimaima patali ndi gombe la kumpoto kwa Mozambique kapena Tanzania, timaboti tating'ono n'kukatenga katunduyo usiku, kenako amayenda pamsewu mpaka kuno. Njira ya anthu ozembetsedwa ndi chimodzimodzi, ndipo iyi ndiye imatidutsa pamimba penipeni. Mu Juni 2012 anthu a ku Ethiopia oposa 40 adamira pa nyanja yathu cha ku Karonga boti lawo litagubuduzika usiku. Mu Malichi 2020 ku Tete adatsegula kontena ya thiraki yochokera ku Malawi n'kupezamo mitembo 64. Mu Okutobala 2022 ku nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba adafukula manda a anthu pafupifupi 30. Onsewa ulendo wawo unali wobwera kuno, kudzagulitsa mu spaza ngati abale awo amene timagulako buledi ndi eyataimu m'mawa uliwonse, ndipo ife amene tidawolokapo Limpopo tikudziwa kuti ulendo wotere umakhala bwanji. Ozembetsawo ali ndi mgwirizano wawo wamphamvu, wa ku Moyale pa malire a Ethiopia ndi Kenya amadziwana ndi wa ku Kyela ku Tanzania, wa ku Kyela ndi wa ku Karonga, wa ku Karonga ndi wa ku Dedza, amalipirana pa foni, salemberana makalata odutsa ku unduna. Ndi maboma okha amene amafuna miyezi itatu kuti ayankhane.

Pali malo ena padziko pano amene adakumana ndi zoterezi ndipo ndimakonda kuwatchula chifukwa anthu ake sankakondana kuposa ife. Pa mpata wa Malacca, pakati pa Indonesia, Malaysia ndi Singapore, umbava udafika poti mu 2005 a inshuwalansi a ku London adaika malowo pa mndandanda wa madera oopsa ngati a nkhondo. Maiko atatuwa adali atayamba kale mu 2004 kulondera mogwirizana, mu 2005 adaonjezera ndege zoyang'ana kuchokera kumwamba, zokwera asilikali a maiko onse m'ndege imodzi, Thailand n'kudzalowa mu 2008. Pofika 2006 a London aja adawachotsa pa mndandanda. Koma taonani bwino mmene adachitira. Sadapange nevi imodzi, sadasankhe bwana mmodzi, aliyense ankalondera madzi ake, kungoti nthawi imodzi, pa wayilesi imodzi, wakuba akathawira uko amakapeza akumudikira. Ndipo nthawi yonseyi Malaysia ndi Singapore adali ndi mlandu wa kachilumba ka Pedra Branca ku khoti la ku The Hague umene udagamulidwa mu 2008, Indonesia ndi Malaysia sitima zawo zankhondo zinkatsinzinirana maso ku Ambalat mu 2005 momwemo. Mkangano wa malire adauika pa shelefu ina, wakuba pa shelefu ina. Zili ngati mmene timakhalira m'misewu ya ku Rosettenville kapena Mayfair, neba wako mwina simulankhulana chifukwa cha mpanda kapena phokoso la Loweruka, koma nonse muli pa gulupu ya WhatsApp ya msewu, ndipo wina akalemba kuti pali Polo yoyera yopanda nambala ikuzungulira, aliyense amatseka geti lake.

Ndiye tifike kwathu, chifukwa n'kosavuta kuloza Maputo ndi Pretoria. Nyanja tili nayo ife, yamadzi abwino, yotalika makilomita oposa 560, pena yakuya mamita pafupifupi 700, yoti mwera ukauka mu Juni kapena Julayi ngakhale Ilala imaimva. Maiko atatu amaizungulira. Tili ndi asilikali apamadzi ku Monkey Bay, Mozambique ali ndi awo ku Metangula, Tanzania alinso ndi ake. Ndipo nyanjayi nkhondo idaionapo kale, mu Ogasiti 1914 sitima ya Angelezi ya Gwendolen idakawombera Hermann von Wissmann ya Ajeremani ku Liuli, kapitawo wachijeremaniyo asanamve n'komwe kuti nkhondo yayamba, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Funso langa ndi lophweka. Asodzi a ku Usisya kapena Chilumba injini ikawathera pakati pa nyanja mphepo n'kuwakankhira kutsidya, ndani amaimbira ndani? Nthawi zambiri ndi achibale amene amaimbirana okha, kufunsa asodzi anzawo a tsidya lija, mwina patapita masiku n'kumva kuti apezeka, mwina ali m'manja mwa apolisi a kumeneko poti alibe mapepala, mwina osapezeka n'komwe.

Chimatitsekereza tonse tikuchidziwa. Pangano la Heligoland la 1890 pakati pa Britain ndi Germany lidaika malire pagombe la kuvuma, Tanzania amati ayi malire azidutsa pakati pa madzi, ndipo nkhaniyi idagona zaka zambiri mpaka Malawi atapereka chilolezo chofufuza mafuta panyanjapo kwa kampani ya Surestream mu 2011, pofika 2012 mawu adayamba kutentha mbali zonse. Joaquim Chissano, Thabo Mbeki ndi Festus Mogae adayesa kuyanjanitsa, zokambiranazo zidaima mu 2014 popanda chogwirika. Ine pa nkhani ya malire ndili kumene Mmalawi aliyense ali, pepala la 1890 ndi lomveka ndipo sindikuuza wina aliyense kuti apereke dontho. Koma taonani zomwe mkanganowu watigulira. Mu 2013 tidagula maboti 7 othamanga kuchokera kuno ku South Africa, dzina lake lolondera nyanja, aliyense akudziwa kuti maso adali pa Tanzania. Pomwe Nyanja ya Victoria ili ndi bungwe la usodzi la maiko ake kuyambira 1994 ku Jinja, ngakhale Kenya ndi Uganda amalimbirana kachilumba ka Migingo, ndipo Nyanja ya Tanganyika ili ndi bungwe lake ku Bujumbura kuchokera pa pangano la 2003, muli Burundi ndi DRC momwemo, maiko odziwa nkhondo kuposa ife. Yathuyi, imene timaitamanda kuti ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse yamadzi abwino, ilibe bungwe lotere la maiko atatu. Ife tikatseka usodzi wa makoka mu Novembala ndi Disembala kuti chambo chiswane, chambocho sichidziwa kuti pali mzere, ndipo wa ukonde woletsedwa amadziwa bwino lomwe mbali imene kulibe womufunsa.

Pali mantha enieni amene sindikufuna kuwapeputsa. Maloya a boma anganene kuti tsiku lomwe tivomereze boti la asilikali a Tanzania kulondera pamadziwo mogwirizana nafe, mawa lake adzapita nalo ku khoti ngati umboni woti tidavomera kuti madziwo ndi awo. Si mantha opusa, milandu ya malire imayendadi choncho, amayang'ana zomwe mwakhala mukuchita osati zomwe mwakhala mukunena zokha. Koma maloya omwewo akudziwa kuti mapangano otere amalembedwa ndi ndime yonena kuti palibe chili m'menemu chikusintha kapena kukhudza maganizo a dziko lililonse pa za malire, ndipo maiko ambiri okangana amasaina choncho. Komanso sitikuyenera kuyambira pa mfuti. Tiyambire pa kupulumutsa anthu, nambala imodzi imene msodzi angaimbe kaya ali ku Nkhata Bay, Cobué kapena Manda, chenjezo la mphepo lofika pa foni m'Chitonga, Chinyanja ndi Chiswahili, pangano loti msodzi wokankhidwa ndi mwera si wolowa m'dziko mozemba, abwezedwe kwawo m'masiku awiri osati kukagona m'chitokosi. Pamenepo palibe mbendera imene yatsika. Ndipo ndi Mozambique tilibe ngakhale chonamizira, malire a pamadzi adakonzedwa mu 1954, Likoma ndi Chizumulu zili m'kati mwa madzi awo ndipo anthu amawoloka tsiku ndi tsiku kukagula ufa ndi nkhuni, kukabwera ku chipatala cha St Peter's. Anthu wamba adayamba kale mgwirizanowu, asilikali ndi amene akuchedwa. Ndi Tanzania yemweyo tili ndi bungwe limodzi loyang'anira mtsinje wa Songwe, mtsinje woti umasuntha malire wokha ukasefukira, ndipo Cyclone Freddy atatikantha mu Malichi 2023 mahelikopita a asilikali a Tanzania adabwera kudzathandiza kummwera, palibe adafunsa za 1890 tsiku limenelo.

Wina anena kuti chabwino, za nyanja yathu tamva, nanga ku nyanja yamchereko Malawi angapereke chani poti sitima alibe? Zambiri, ndipo zosafuna ngongole. Ku Antananarivo kuli likulu losonkhanitsa uthenga wa zoyenda panyanja, ku Seychelles kuli lina loyendetsa ntchito zolondera, onse awiri adakhazikitsidwa ndi thandizo la European Union, zomwe mwa izo zokha zikutiuza kanthu za ife. Uthenga umene malo otere amausowa kwambiri ndi wa kumtunda, kontena iyi yatsikira ku Nacala ikupita kwa ndani ku Limbe, matabwa a mukula awa achokera nkhalango iti, thiraki iyi bwanji yasintha mapepala pa Zobue. Zimenezo zili m'makompyuta a MRA ndi apolisi athu, sizili m'sitima yankhondo. Makhoti nawonso, chifukwa kugwira munthu pamadzi n'kosavuta kuyerekeza ndi kumuzenga mlandu umboni uli m'maiko atatu. Ndipo inde, ndalama pang'ono. Lamulo la dziko lonse la za nyanja la 1982 limapatsa maiko opanda gombe ufulu wodutsa kukafika kunyanja, timakonda kulitchula tikamakangana za madoko, koma amene ali ndi ufulu pa njira ayeneranso kusonkhako ya mlonda. Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Botswana atamasonkha kangachepe chaka ndi chaka ka mafuta a sitima zolondera ndi ndege imodzi yoyang'ana mpata wa Mozambique, ndalama zake zolembedwa poyera kuti aliyense aziona, zingakhale zotchipa kuposa sabata imodzi ya mizere ya pa filing'i siteshoni ku Lilongwe. Komanso wosonkha amakhala ndi pakamwa. Pano tilibe, timangomva kuti SAMIM yatha, ku Operation Copper chaka chakuti sitima siyidapite, n'kumangoti kaya.

Mawu oti poyera ndawanena dala. Ngongole za Chang zidatheka chifukwa adazikutira m'nsalu ya chitetezo cha dziko, aphungu osauzidwa, atolankhani osaloledwa kufunsa. Tsiku lomwe mudzamve nduna ya kwathu ikunena kuti tikufunika sitima zatsopano za panyanja koma mtengo wake ndi chinsinsi cha asilikali, mudzagwire chikwama. Mudzafunse kuti maboti a 2013 aja angati akuyenda lero, mafuta ake amachokera mu bajeti iti, adapulumutsa anthu angati chaka chatha, ndipo ndi liti pamene mkulu wa ku Monkey Bay adakhala pansi ndi mnzake wa ku Metangula osati pa phwando koma pa mapu.

Ndipo tisamadzione ngati ife ndi ongolakwiridwa. Mu Okutobala 2010 Bingu adaitana Robert Mugabe ndi Rupiah Banda ku Nsanje kudzatsegulira doko lomwe linkati litilumikiza ndi nyanja yamchere kudzera mu Shire ndi Zambezi. Maganizowo sadali oipa. Koma madzi ambiri a njirayo ali m'dziko la Mozambique, ndipo a Maputo ankati kafukufuku achitike kaye, ife tidangotumiza bwato la feteleza ngati tikuyenda pakhomo pathu. Adaligwira m'njira, alendo adadikira pagombe, palibe chidafika. Lero ku Nsanje kuli chikonkire chachikulu chopanda sitima, zitsulo zina anthu adazula kale. Mu Epulo 2025 tidaonanso kamkangano ka malonda ndi Tanzania, ife taletsa zawo, iwo aletsa zathu ndi za South Africa, mpaka kuopseza feteleza wodutsira kwawo, nthochi ndi tomato zikuolera pa boda ya Songwe mpaka nduna zidakumana n'kuzithetsa. Anthu oti tomato yekha amatseketsa boda, ndi omwewo tikuti azigawana zinsinsi za rada usiku pakati pa nyanja, ndiye muone kutalika kwa ulendo umene tili nawo, ndi chifukwa chake ndikuti tiyambire pa msodzi wa ku Usisya ndi nambala ya foni, Juni asanafike.